Ndinawasiya Achimwene pa Chimbowera

Zimene ndikufuna kukuuzanizi si nkhani ya pabawo kapena ya pomwera mowa ayi, zinandichitikira ine ndemwe pa nyanja ya Chilwa, ndipo amene akukayika abwere adzaone miyendo yangayi momwe njedza inaichekerachekera. Dzina langa sinditchula, la mudzi sinditchulanso, chifukwa ena mwa anthu a m'nkhaniyi ali moyo ndipo timakumana kutchalitchi Lamulungu lililonse. Zaka zapita zambiri, ana amene ankakwawa nthawi imeneyo pano ali pabanja, koma ine ndatopa kuisenza ndekha nkhaniyi, ndiye ndati bola ndiitule kwa inu amene simukundidziwa.

Ife kwathu ndi kumunsi kwa phiri, mbali ya Phalombe kuno, kumene munda ukakupatsa chimanga chofika Okutobala umati chaka chino Mulungu wandikumbukira. Ndiye amuna ambiri tikatha kukolola timalowera kunyanja. Ine ndinalowa nawo potsatira achimwene anga, oyamba kubadwa m'mimba mwathu, munthu wosakonda zoyankhulayankhula, woti ukamufunsa funso m'mawa yankho umalimva masana. Ndiwo anandiphunzitsa kuluka mono, kuponda bwato ndi nsungwi, ndi kumanga chimbowera. Kwa inu amene simunafikeko, Chilwa si nyanja yoti ukaima padoko n'kuona madzi okhaokha ayi. Mbali yathuyi, usanafike pamadzi oyera umadutsa kaye m'njedza, udzu wautali kuposa munthu woimirira m'bwato, wothithikana mtunda woti ungaponde theka la tsiku osatulukamo. Njedza yambiri sigwira pansi, imangoyandama ndi mizu yake yolukanalukana. Ndiye msodzi amene safuna kumabwerera kumtunda tsiku ndi tsiku amasankha malo m'katimo, n'kugwetsa njedza, n'kuiunjika mpaka pakhale polimba, n'kumangapo kachisakasa. Chimenecho ndiye chimbowera. Pomwepo umagona, pomwepo umawamba nsomba, madzi akumwa umatunga mbali ino, kudzithandiza umapita mbali inayo, ndipo musandifunse kuti mbali ziwirizi zimatalikirana bwanji.

Chaka chimenecho madzi anadzaza, milamba ndi makumba zinalipo ndithu, koma akuba a m'miono anali atatitopetsa. Umatchera bwinobwino, kukacha upeza mono wako wapendekeka, wina waonjola kale n'kukusiyira kamlamba kamodzi ngati kukuseka. Ndipo wakubayo ndi yemwe uja mumaotha naye moto padoko, akukufunsa mwaulemu kuti masiku ano mwatchera kuti. Nzeru yothana nawo ndinabwera nayo ndine, ichi ndikuvomera. Ndinauza achimwene kuti tisamuke, tilowe m'kati kwambiri cha kumadzulo kumene anthu sankafikako, tidule kanjira kathu kakang'ono kongokwana bwato limodzi, kokhotakhota. Pamene kanjirako kankakumana ndi njira yaikulu yodutsa mabwato a anthu onse, tinadula chigumu cha njedza yoyandama choti tikalowa tizichikoka n'kutseka, tikatuluka tizitsekanso. Munthu wodutsa sakanadziwa kuti pali khomo. Zimenezi si ife tinayamba, asodzi ambiri a miono amatero.

Koma ine, mwa kuchenjera kwanga, ndinaonjezapo bodza. Padoko ndinkauza aliyense kuti ife tatchera kum'mawa, cha ku Mozambiki, ndipo pochoka tinkapondera komweko kaye, anthu akabisika n'kutembenuka. Ngakhale alamu anga, akazi a achimwenewo, amene ankalandira nsomba zathu n'kukagulitsa pamsika, ndinati nawonso tiwauze za kum'mawa, poti amayi padoko amacheza ndipo mawu sachedwa kupulumuka. Achimwene anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangoti chabwino. Foni m'banjamo inali imodzi, ndipo inkakhala ndi alamu kumtunda chifukwa kuchimbowera kunalibe potchajira. Miyezi iwiri tinadya bwino, palibe mono ndi umodzi womwe umene unakhudzidwa, ine n'kumadzitcha dolo.

Kenako kunabwera mwera woti sindinauonepo. Unaomba tsiku lonse n'kugonera, chisakasa chikulira, chimbowera chikugwedezeka pansi pathu, nsungwi zimene tinakhomera kuti chisasunthe ziwiri n'kuthyoka. Kutacha kunali zii, mitambo itatsika, phiri osaoneka. M'mawa womwewo achimwene anayamba kutsegula m'mimba. Ine poyamba sindinalabade, nanga alipo wa kuchimbowera amene m'mimba simunamupotepo? Ndinawaseka kuti adya mlamba wosapsa. Koma dzuwa lisanafike pamutu anali atapita kangapo kosawerengeka, kenako analeka n'kupita komwe, zinkangotuluka pomwe agonapo, zoyera ngati madzi otsukira mpunga, kwinaku akusanza. Apo m'pamene ndinasiya kuseka, chifukwa kolera tinali titaiona pa anzathu ndipo tinkadziwa kuti sicheza ndi munthu.

Ndinawanyamula n'kuwagoneka m'bwato, n'kuyamba kuponda. Tinangokhota kawiri, njira inatha. Kutha kwenikweni, ngati sipanadutsepo munthu chilengedwere. Mphepo ija inali itakankha zigumu za njedza n'kuzipanikiza pamodzi, kanjira kathu kakang'ono kaja n'kutsekeka konse. Njira yaikulu ikatsekeka chonchi anthu amaitanizana n'kuitsegula tsiku lomwelo, koma yathuyi akanatsegula ndani? Ndinatsika ndi chikwanje n'kuyamba kudula. Ukadula apa, mizu pansi yalukana kukhuthala kofika m'chiuno, ukaikankha mbali ino ya mbali inayo ikubwerera. Bwato lathu linali la mtengo umodzi, lolemera, loti amuna anayi kulikoka pamtunda amapumira. Ndinalimbana nazo mpaka manja anatuluka magazi, ndipo pocheuka ndinaona kuti ndasuntha mtunda wosakwana kuchoka pakhomo kufika pankhokwe. Ndinabwerera nawo kuchisakasa.

Shuga tinali naye wochepa wa tiyi, ndinasakaniza ndi mchere m'madzi owiritsa n'kumawamwetsa, koma chimene chalowa chinkatuluka nthawi yomweyo. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Ndinasonkha moto waukulu n'kuponyapo njedza yaiwisi kuti utsi ukwere, utsi unakweradi, koma tandiuzani, pa Chilwa ndani angadabwe ndi utsi? Chimbowera chilichonse chimafuka, woona amangoti awo apha zambiri, akuwamba. Ndipo ndili chikhalire pamenepo m'pamene zinandifika m'mutu kuti ngakhale alamu atalira padoko kuti amuna anga sanatuluke, ngakhale anthu atadzipereka kudzatisaka, adzalowera kum'mawa kumene ndinawauza ine ndi pakamwa pangapa. Ndinachita mantha, koma kuposa manthawo ndinachita manyazi.

Tsiku lachiwiri kutacha achimwene anali atasanduka munthu wina. Maso analowa m'kati, khungu ukalitsina linkangokhala chotsinika, miyendo ikukokana mpaka ankabuula. Chichewa anali atachisiya, ankangoyankhula Chilomwe chokhachokha monga ankayankhulira mayi athu. Ndinaona kuti ndikakhala pano amwalira ndikuwayang'ana. Ndinaganiza zoyenda pansi, kudutsa m'njedzamo mpaka ndikapeze njira yaikulu. Chilwa si yakuya kwenikweni, malo ambiri madzi amalekeza m'chifuwa, ndiye ndinadziuza kuti n'zotheka. Ndinawaikira madzi pafupi ndi mutu, ndinatenga chitini chokapira madzi m'bwato ndi mpeni n'kuwaikira pa dzanja, n'kuwauza kuti aziimba chitinicho ndi mpeniwo kuti pobwera ndi anthu tidzatsate kulira kwake.

"Achimwene, ndikaitane anthu. Ndibwera dzuwa lisanalowe."

Ndikuti ndinyamuke, anandigwira mwendo. Munthu woti kapu inkamukanika kunyamula, koma kugwira kwake kunali ngati waya.

"Iwe, usandisiye. Ine sindichira, ndikudziwa. Ungokhala pompano."

Moyo wanga wonse achimwene sanandipemphepo kanthu, ankangondiuza zochita. Tsiku limenelo anapempha. Ndinawauza kuti asayankhule zopusa, kuchipatala kuli madiripi, anthu oipirapo kuposa iwo anachira. Sanasiye. Ndinagwada n'kumasula zala zawo chimodzichimodzi, n'kutenga nsungwi ndi chikwanje, n'kulowa m'njedza osacheuka.

Kuyenda pa njedza yoyandama musakufunire ngakhale mdani wanu. Ukaponda imatsika, madzi n'kufika m'mawondo, ukachotsa mwendo imabwerera. Masamba ake amacheka, udzudzu masanasana uli mbuu kumaso, misundu ikukwera m'miyendo mpaka umaleka kuichotsa. Pena ndi pena ndinkamanga mfundo pa nsonga za njedza kuti ndidzadziwe pobwerera. Kumbuyo kwanga chitini chinayamba kulira, go, go, go, pang'onopang'ono, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti andimvera. Ndinkafuna kulunjika kumene ndinkaganiza kuti kuli khomo lathu lija, koma dzuwa linali m'mitambo, phiri osaoneka, kumanja njedza, kumanzere njedza, kumwamba kachidutswa ka thambo lotuwa basi.

Malo ena ndinangomva pansi pabooka. Ndinalowa yense mpaka mutu, ndipo mizu ija inabwerera n'kutseka pamwamba panga. Mdima, matope m'kamwa, mapazi akumira m'thope lopanda polekeza, mutu ukugunda denga la mizu. Chikwanje chinapita pomwepo. Chimene chinandipulumutsa ndi nsungwi, imene inagwa chopingasa pamwamba, dzanja limodzi ndili chiigwirire. Ndinadzikoka nayo mpaka mphuno inatuluka, n'kukwawa chamimba, n'kugona pamenepo ndikusanza madzi akuda. Nditatsitsimuka ndinatchera khutu. Chitini chinkamvekabe, koma tsopano osati kumbuyo, chinali kumanzere. Nditayenda pang'ono chinamveka ngati chili kutsogolo. Kodi ndinkazungulira ine, kapena zigumu n'zimene zinkasuntha? Mpaka lero sindidziwa. Cha m'masana chinalira kawiri motalikirana, kenako chinasiya.

Ndinaima nthawi yaitali ndikudikira kuti chilirenso. Mtima wina unkati bwerera, koma kubwerera kwake kuti, poti kumene ndachokera sindinkakudziwanso? Ndinapitirira, osati chifukwa cha kulimba mtima, koma chifukwa panalibe china chochita. Dzuwa litapendeka ndinamva anthu akuseka chapatali. Mawu ndinalibe, ndiye ndinkamenya madzi ndi nsungwi mpaka ndinatulukira panjira yaikulu. Linali bwato la matabwa lochokera kokasiya nkhuni ndi ufa ku zimbowera. Atandiona ndili matope okhaokha ndi magazi, mayi wina anabisa nkhope poyesa kuti ndi mtembo wayandama. Ndinawapempha kuti tilowe pomwepo, koma bwato lawo linali lalikulu, zikwanje analibe, ndiye ananditengera kudoko.

Padoko ndinapeza zimene ndinkaopa zija. Mphepo inali itatsekera anthu ambiri, koma onse amene malo awo ankadziwika anali atawatsegulira dzulo lake, ena mwa iwo odwala kolera yomweyo, ndipo anali kale kuchipatala. Otsala tinali ife. Alamu anali atagona padoko pomwepo, ndipo amuna asanu anali atatha masiku awiri akudula njedza kum'mawa, akuitana maina athu. Anafika ine nditangofika kumene, ali wefuwefu. Nditawauza kumene kuli achimwene, palibe anandikalipira. Mkulu wina amene ankawatsogolera, msodzi wakalekale wa imvi, anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Paja munatiuza kum'mawa." Bola akanandimenya. Ndinawachonderera kuti tinyamuke nthawi yomweyo, koma kunali kukuda, ndipo m'njedza mumdima simulowa munthu. Alamu anatenga madzi ofunda n'kuyamba kundichotsa misundu.

M'mawa tinanyamuka anthu asanu ndi mmodzi pa mabwato awiri. Pamene panali khomo lathu sindinapazindikire, malo onse anali atasintha. Mfundo zanga zija tinapeza imodzi apa, ina uko, zosatsatana, poti zigumu zinali zitatembenuka. Tinalowa apa n'kutuluka, tinalowa apo n'kutuluka, tikuitana, kuli zii. Dzuwa litafika pamutu anthu anayamba kuyang'anana, ndipo sindikanawaimba mlandu, linali tsiku lawo lachitatu asanaone miono yawo.

Pamenepo m'pamene ndinachimva. Go, go, go. Chitini chomwe chija, kaimbidwe komwe kaja kapang'onopang'ono, chikuchokera kudzanja lamanja. Ndinadumpha m'bwato n'kuwauza kuti tamverani, ali moyo, akuimba. Onse anakhala chete n'kutchera khutu. Palibe anamva kanthu. Wina anandigwira pachipumi n'kunena kuti thupi latentha, mwina nanenso kolera yandigwira. Koma ine ndinkachimva bwinobwino monga ndimamvera belu la kutchalitchi. Mkulu uja anati poti kwina konse tayesa, tiyeni titsate khutu la mwini wake. Tinadula molunjika kumene ndinkaloza, chikasiya ndinkaima, chikayamba ndinkalozanso, ndipo sindinaphonye ngakhale pang'ono. Njedza yomaliza itagwa tinaona denga la chisakasa chathu, ndipo kulira kuja kunasiya nthawi yomweyo.

Achimwene anali atakwawa kutuluka m'chisakasa, atagona chammbali m'mphepete mwa chimbowera, nkhope italoza kumene ndinalowera ine. Anali ataumiratu, ntchentche zili ng'waa. Mkulu uja atawagwira anati munthuyu watisiya dzulo, dzuwa lisanapendeke. Mpeni unali pansi pa thupi lawo. Chitini tinachipeza m'madzi, chitadzaza n'kumira pakati pa mizu, patali poti dzanja silikanafika. Nanga chimene ndinkamva ine chinali chiyani?

China chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti potuluka sitinabwerere mmene tinalowera. Mmodzi anakwera padenga n'kuona madzi akunyezimira kuseri kwa chisakasa. Mphepo ija inali itatikankhira pafupi ndi njira yaikulu, mtunda wonga bwalo la mpira, ndipo anthu anadula n'kutulukira ola lisanathe. Ine tsiku lonse lija ndinkayenda chotalikira.

Maliro a kolera mukuwadziwa. Azaumoyo anabwera, anathira mankhwala, anakulunga thupi m'pulasitiki, n'kuika tsiku lomwelo. Panalibe kusambitsa, panalibe kuona nkhope, ngakhale alamu sanawaone amuna awo. Patapita masiku angapo, anthu atabalalika, alamu anandipeza ndili ndekha kuseri kwa nyumba ndikutsuka mabala a m'miyendo. Anakhala pansi chapatali pang'ono, n'kukonza chitenje chawo, n'kufunsa motsitsa.

"Alamu, inu ndi amene munali nawo. Mawu awo omaliza anati chiyani?"

Ndinayang'ana m'beseni. Ndinati, "Anati pita msanga ukaitane anthu."

Anagwedeza mutu, misozi ikutsika, n'kunena kuti ndiye kuti anakutumani okha, mtima wanga tsopano wakhala pansi. Kuyambira pamenepo sanandifunsenso. Za bodza la kum'mawa lija sananditchulirepo ngakhale tsiku limodzi. Chaka chilichonse akakolola mpunga kudambo amanditumizira woyamba, amati ndinu amene munavutikira bambo a ana angawa mpaka kutsala pang'ono kufa. Ndimalandira ndi manja awiri, koma kudya kwake ndimachita kuukakamiza.

Kunyanja ndinasiya, pano ndimalima nandolo ndi chinangwa basi. Abusa ena nditawafotokozera za chitini, osati zinazo, anati kunali kutentha thupi. Mwina. Koma kutentha thupi sikulondolera munthu njira m'njedza. Ine chimene ndimakhulupirira n'chakuti anali achimwene, ndipo sankaitana kuti tiwapulumutse, zimenezo anali atazidziwa kale kuti zatha. Ankangokana kukhala okha m'menemo.

Inu amene mukadali m'miono, akuba alipo, ndikudziwa, ndipo njira zanu muzibisabe, sindingakuletseni. Koma pakhale munthu mmodzi kumtunda amene akudziwa malo enieni, ndipo ngati muli ndi akazi, munthuyo akhale iwowo. Za kusiya wodwala n'kukaitana anthu, apo sindingakulangizeni, chifukwa aliyense amene ndamufunsa mozungulira amati ndinachita bwino, amati iyenso akanatero. Mwina n'zoona. Koma munthu akafika poti wadziwa yekha kuti akupita, n'kukupempha chinthu chimodzi chokha, mumvetsereni bwino musanaimirire. Achimwene akanamwalirabe ngakhale ndikanakhala, zimenezo ndikudziwa. Koma akanamwalira atagwira mwendo wa mng'ono wawo, osati mpeni ndi chitini.